Kugonetsedwa kapena kubayidwa pamsana: zoyenera kudziwa pa opaleshoni yochotsa ndulu

Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amakadziwa kathumba kobiriwira kamene kamamatirira pachiwindi. Timakachotsa mosamala chifukwa kakaphulika nyama imawawa. Munthu nayenso ali ndi kathumba kotere, ndipo m'mabanja ambiri kunja kuno tsiku lina mumafika kalata ya kuchipatala yonena kuti kachotsedwe. Pakalatayo pamakhala mawu aatali akuti laparoscopic cholecystectomy, ndipo m'munsi mwake mawu ena akuti general anaesthetic. Mafunso amayambira pamenepo. Mayi amene anabereka pa opaleshoni ku Mangochi kapena ku Chipata amakumbukira kuti anangobayidwa jakisoni pamsana, anali maso, ndipo anamva kulira koyamba kwa mwana wake. Nanga bwanji pano akuti agonetsedwe tulo tofa nato?

Ena mantha awo ali mbali inayo. Anamva kuti jakisoni wa pamsana amasiya munthu akudwala msana moyo wake wonse, mwinanso kupuwala kumene. Enanso amaopa tulo: bwanji ndikapanda kudzuka? Mantha amenewa amachititsa anthu kusintha tsiku la opaleshoni kawiri katatu, uku miyala ili phe m'thupi. M'nkhani ino tifotokoza mmene njira ziwirizi zimagwirira ntchito, zimene ofufuza apeza, komanso chifukwa chake zipatala zambiri ku Britain, America ndi South Africa zimagonetsabe wodwala pa opaleshoni imeneyi.

Ndulu ndi miyala yake

Madzi owawa a ndulu amapangidwa ndi chiwindi, pafupifupi theka la lita kapena kupitirirapo tsiku lililonse. Kathumba kaja n'kosungiramo chabe. Kali kudzanja lamanja pansi pa nthiti, kutalika kwake ndi masentimita 7 mpaka 10, ndipo mumalowa madzi okwana masipuni aakulu awiri kapena atatu. Tikadya chakudya chamafuta, kathumbako kamafinyika n'kuthira madziwo m'matumbo kuti mafutawo agayike.

Madziwa akachuluka mafuta a cholesterol amayamba kuundana n'kupanga miyala, ina ngati mchenga, ina yaikulu ngati dzira la nkhunda. Vutoli limakonda akazi, anthu opitirira zaka 40, onenepa, amayi amene anakhalapo ndi pakati, ndi amene aonda mofulumira. Pali gulu linanso limene likutikhudza ife ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique: anthu a matenda a sickle cell. Maselo awo ofiira a magazi amasweka msanga, ndipo zotsalira zake zimapanga miyala yakuda m'ndulu, nthawi zina munthu akadali mwana wa sukulu.

Anthu ambiri ali ndi miyala koma sadziwa, ndipo safunika opaleshoni. Vuto limabwera mwala ukatseka pakamwa pa kathumba. Munthu amamva ululu waukulu pansi pa nthiti za kumanja kapena pakati pa mimba chakumtunda, kawirikawiri atadya zamafuta, ndipo ululuwo umatha kufika kumsana ndi paphewa. Mwala ukakhalitsa pamenepo kathumba kamatupa ndi kugwidwa tizilombo. Ukatsikira m'kanjira kakakulu ka ndulu, maso amachita chikasu, ndipo nthawi zina kapamba amatupa, amene ndi matenda otha kupha. Madokotala amachotsa kathumba konse chifukwa akangochotsa miyala yokha ina imapangikanso. Munthu amakhala bwinobwino popanda kathumbaka, pakuti chiwindi chimapitiriza kupanga ndulu, ndipo imangotsikira m'matumbo pang'onopang'ono.

Mmene opaleshoni ya timabowo imachitikira

Dokotala woyamba kuchotsa ndulu ya munthu anali Carl Langenbuch ku Berlin mu 1882, ndipo kwa zaka zoposa 100 njira inali yong'amba pamimba bala lalitali. Mu 1985 Erich Mühe, wa ku Böblingen ku Germany, anaichotsa kudzera pabowo laling'ono, ndipo mu 1987 Philippe Mouret wa ku Lyon ku France anachitanso chimodzimodzi. M'zaka zochepa njirayi inafala padziko lonse. Ku Britain kokha anthu oposa 60,000 amachotsedwa ndulu chaka chilichonse, ambiri mwa njira imeneyi.

Dokotala amacheka timabala tinayi, tambiri tosapitirira sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Pamchombo amalowetsa kamera yokhala ndi nyali, ndipo m'timabowo tinato amalowetsa zida zazitali zopyapyala. Akuyang'ana pa sikirini, amamanga kanjira ka ndulu ndi mtsempha wake wa magazi ndi timapini, amadula, amamatula kathumbako pachiwindi n'kukatulutsa. Ntchito yonse imatenga pafupifupi ola limodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchigwiritsitsa, chifukwa nkhani yonse ya tulo ndi jakisoni yagona pamenepo. M'mimba mulibe malo opanda kanthu. Ziwalo zonse ndi zothinana. Kuti kamera ione ndi zida ziyende, amapopamo mpweya wa carbon dioxide mpaka mimba ifufume ngati mpira, kawirikawiri pa mlingo wa 12 mpaka 15 mmHg. Kenako amapendeketsa bedi, mutu m'mwamba ndi thupi chakumanzere, kuti matumbo achoke pafupi ndi chiwindi. Mpweyawo umakankhira m'mwamba mnofu waukulu umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba, umene timapumira, wotchedwa diaphragm. Mapapo amachepekedwa malo. Mpweya wina umalowa m'magazi ndipo thupi limafunika kuutulutsa popuma kwambiri. Mimba yofufumayo imathanso kukankhira zam'mimba kummero. Mayi wobereka pa opaleshoni sapopedwa mpweya, ndipo kusiyana kwakukulu ndi kumeneku.

Kugonetsedwa tulo

Njira imeneyi inaonetsedwa poyera koyamba pa 16 October 1846 ku Massachusetts General Hospital mumzinda wa Boston, pamene William Morton anagonetsa wodwala ndi mankhwala a ether. Masiku ano dokotala wogonetsa amaika kasingano pamkono n'kuthira mankhwala ooneka ngati mkaka otchedwa propofol, ndipo mphindi imodzi isanathe munthu amakhala atagona. Amawonjezera mankhwala opha ululu ndi ena ofewetsa minofu, monga rocuronium. Minofu ikafewa munthu sathanso kupuma yekha, choncho amalowetsa kachubu m'kholingo ndipo makina amamupumira. Tulo timapitirira ndi mpweya wa mankhwala monga sevoflurane, kapena ndi propofol yemweyo woyenda pang'onopang'ono m'dilipi. Nthawi yonseyi dokotala wogonetsa amakhala kumutu kwa wodwala, akuyang'anira mtima, kuthamanga kwa magazi, mpweya wabwino m'magazi ndi carbon dioxide wotuluka.

Tsopano taonani mmene njirayi ikuyankhira mavuto a mpweya uja. Mapapo akachepekedwa malo, makina amapuma m'malo mwa munthu. Carbon dioxide akachuluka, dokotala amangowonjezera kapumidwe ka makinawo. Kachubu kali ndi kabaluni kumapeto kwake kamene kamatseka njira, kotero kuti zam'mimba zikabwerera sizilowa m'mapapo. Minofu ya pamimba imakhala yofewa, wodwala sagwedezeka, ndipo dokotala wa opaleshoni amaona bwino pamene akudula. Zimenezi n'zofunika chifukwa ngozi yoopsa kwambiri pa opaleshoniyi ndi kudula mwangozi kanjira kakakulu ka ndulu. Ndipo ngati zinthu zavuta n'kufunika kung'amba bala lalikulu, wodwala amakhala ali wokonzeka kale.

Zovuta zake zilipo. Ambiri amadzuka ndi pakhosi popweteka, chizungulire ndi kunjenjemera. Nseru ndi kusanza n'zofala pa opaleshoni ya ndulu, makamaka kwa akazi, osasuta fodya, ndi amene amasanza m'basi kapena m'ndege. N'chifukwa chake amapereka mankhwala monga ondansetron ndi dexamethasone munthu asanadzuke. Dzino logwedera limatha kuguluka polowetsa kachubu. Okalamba ena amasokonezeka mutu kwa masiku angapo.

Nanga mantha akuluakulu aja? Bungwe la Royal College of Anaesthetists ku Britain limati imfa yobwera chifukwa cha mankhwala ogonetsa enieniwo imachitika pafupifupi kamodzi pa anthu 100,000 ogonetsedwa. Kafukufuku wamkulu wa bungweli wotchedwa NAP5, amene anatuluka mu 2014, anapeza kuti odwala onena kuti anazindikira zochitika opaleshoni ili mkati anali pafupifupi mmodzi pa 19,000, ndipo mmodzi pa 8,000 pamene panagwiritsidwa ntchito mankhwala ofewetsa minofu.

Jakisoni wa pamsana

Njira iyi anaiyambitsa August Bier ku Kiel, ku Germany, mu 1898. Iye ndi womuthandiza wake anaiyesera pa matupi awo omwe, ndipo onse awiri anadwala mutu kwa masiku angapo, vuto limene tilitchulenso m'munsimu. Kwathu njirayi ndi yodziwika kwambiri chifukwa ndi imene amagwiritsa ntchito pa amayi ambiri obereka pa opaleshoni, ndipo m'zipatala za m'maboma ku Malawi amene amaipereka kawirikawiri ndi ma clinical officer ophunzira za kugonetsa.

Wodwala amakhala tsonga kapena kugona cham'mbali atapinda msana. Dokotala amayamba wachititsa dzanzi khungu, kenako amalowetsa singano yopyapyala kwambiri pakati pa mafupa a msana cha m'chiuno, pansi pa pamene mtsempha waukulu wa mumsana umathera. Amathira mankhwala ochepa, osakwana sipuni yaing'ono, kawirikawiri bupivacaine, m'madzi amene amazungulira mitsempha. M'mphindi zochepa miyendo imafunda, imalemera, kenako sikhalanso yotheka kuinyamula. Munthu amakhala maso, akupuma yekha, ngakhale amatha kupatsidwa mankhwala omukhazika mtima pansi. Dzanzi limatha pakapita maola awiri mpaka anayi.

Ndulu ili kumtunda kwa mimba, choncho dzanzi liyenera kukwera mpaka kufika pamlingo wa mawere. Dzanzi likakwera chonchi, mitsempha ya magazi imamasuka, kuthamanga kwa magazi kumatsika, ndipo mtima umatha kuyamba kugunda pang'onopang'ono. Madokotala amakonzekera zimenezi ndi dilipi komanso mankhwala okweza kuthamanga kwa magazi. Kuti wodwala athe kupuma yekha, mpweya wopopa m'mimba amauchepetsa kufika pa 8 mpaka 10 mmHg, zimene zikutanthauza kuti dokotala wa opaleshoni amagwira ntchito pamalo ochepa.

Palinso vuto limene jakisoniyu sangalithetse. Mtsempha umene umatumikira diaphragm umachokera m'khosi, kumtunda kwambiri kwa pamene dzanzi limafika, ndipo umachokera malo amodzi ndi mitsempha ya paphewa. Mpweya ukamakwiyitsa mnofu umenewu, ubongo umaganiza kuti chopweteka ndi phewa. Choncho wodwala amene sakumva kalikonse pamimba amatha kudandaula phewa lamanja opaleshoni ili mkati. Nthawi zambiri mankhwala opha ululu amathandiza, koma ululu ukakula, kapena munthu akayamba kubanika ndi kuchita mantha, amamugonetsa pomwepo. Wosankha jakisoni wa pamsana amakhala atavomerezanso kuti atha kugonetsedwa zikafunika.

Pambuyo pake ena amavutika kukodza kwa maola angapo ndipo amaikidwa kachubu m'chikhodzodzo. Ena amadwala mutu uja wa Bier: umakula munthu akaimirira, umachepa akagona, ndipo umabwera chifukwa madzi a mumsana akudontha pamene singano inaboola. Singano zamakono zachepetsa kwambiri vutoli, ndipo likachitika chithandizo chake chilipo. Za msana wopweteka moyo wonse, pamalo obayidwa pamatha kupweteka masiku ochepa ngati pamene pabayidwa jakisoni wina aliyense, koma ofufuza sanapeze kuti jakisoniyu amayambitsa matenda a msana okhalitsa. Kuwonongeka kwa mitsempha kosachira kumachitika, koma mwa apo ndi apo: kafukufuku wa NAP3 wa mu 2009 ku Britain anapeza kuti ndi pakati pa mmodzi pa 24,000 ndi mmodzi pa 54,000 mwa anthu obayidwa majakisoni a mumsana a mitundu yonse.

Zimene ofufuza apeza

Mu 2008 George Tzovaras ndi anzake a ku Larissa, ku Greece, anasindikiza zotsatira za odwala 100 amene anawagawa mwamaere, theka ogonetsedwa ndi theka obayidwa pamsana. Opaleshoni zonse zinatha mwa njira imene inasankhidwa. Obayidwa pamsana anamva ululu wochepa m'maola 24 oyambirira, koma panalibe kusiyana pa zovuta zina, pa masiku okhala m'chipatala, pa kachiridwe, ngakhale pa kukhutira kwa odwalawo.

Chaka chotsatira Rajeev Sinha ndi anzake a ku Jhansi, ku India, anafotokoza za odwala 3,492 amene anachotsedwa ndulu atabayidwa pamsana. Odwala 18 okha ndi amene anafunika kugonetsedwa opaleshoni ili mkati. Pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse kuthamanga kwa magazi kunatsika mpaka kufuna mankhwala, pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi atatu anamva ululu paphewa kapena pakhosi, ndipo pafupifupi 6 pa 100 alionse anadwala mutu pambuyo pake. Osanza anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi ogonetsedwa.

Zotsatirazi tiyenera kuziwerenga bwino. Zikusonyeza kuti opaleshoni ya ndulu ndi yotheka ndi jakisoni wa pamsana, ndipo ubwino wake umaoneka tsiku loyamba: ululu wochepa, kusanza kochepa, pakhosi posapweteka, komanso mtengo wotsikirapo. Koma odwala a ku Larissa anali osankhidwa, a zaka 18 mpaka 65, athanzi labwino ndi osanenepa kwambiri. A ku Jhansi anali m'manja mwa madokotala amene amachita njira imeneyi tsiku ndi tsiku. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, amene anagona ndi amene anali maso amakhala chimodzimodzi. Walira mvula walira matope: wothawa nseru ndi pakhosi popweteka amakumana ndi phewa, mutu ndi kutsika kwa kuthamanga kwa magazi.

Chifukwa cha zimenezi, zipatala zambiri kumene tikukhala kuno zimaona kugonetsa ngati njira yokhazikika pa opaleshoni ya ndulu. Mankhwala amakono ogonetsa amatha msanga m'thupi, odwala ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo, ndipo madokotala safuna kutaya chitetezo cha kachubu ka m'kholingo pofuna phindu la maola ochepa. Jakisoni wa pamsana amaganiziridwa makamaka kwa munthu amene kugonetsedwa kungamuike pachiswe, monga wa matenda aakulu a mapapo, ndipo ngakhale pamenepo amaunika wodwala payekhapayekha. Koma achibale amene amapita kukalandira chithandizo ku India atha kupatsidwa mwayi wa njira imeneyi, ndipo ife otumiza ndalama za ulendowo tiyenera kudziwa kuti si njira yachinyengo kapena yachikale.

Amene jakisoni wa pamsana sangawayenere

Munthu amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, apixaban, rivaroxaban kapena clopidogrel, sabayidwa pamsana pokhapokha dokotala atakonza nthawi yoyimitsira mankhwalawo, chifukwa magazi akatayikira pafupi ndi mitsempha ya mumsana atha kuipanikiza. Musasiye mankhwala otere panokha. Sabayanso munthu amene magazi ake savuta kutuluka, amene ali ndi chilonda kapena chithupsa pamalo obaya, amene tizilombo tafalikira m'magazi, kapena amene ali ndi matenda ena a mavavu a mtima. Ndulu ikakhala yotupa kwambiri, kapena munthu akakhala wonenepa kwambiri kapena anachitidwapo maopaleshoni ena a kumtunda kwa mimba, ntchito imatha kutalika kuposa mphamvu ya jakisoni. Ndipo munthu wamantha, amene sangathe kugona chagada ola lathunthu akumva zida zikulira ndi mimba ikukokedwa, sakakamizidwa. Kukana kwa wodwala n'kokwanira.

Zoyenera kuuza dokotala wogonetsa

Kaya mugonetsedwa kapena mubayidwa, chitetezo chanu chimadalira kwambiri zimene mwanena pa tsiku lokuunikani opaleshoni isanachitike. Apa ambiri a ife timabisa zinthu, mwina mwa manyazi, mwina poganiza kuti n'zosafunika.

Tengani mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa. Ngati muli pa ma ARV, nenani dzina lake, chifukwa ena, makamaka okhala ndi ritonavir kapena cobicistat, amachititsa kuti mankhwala monga midazolam ndi fentanyl akhalitse m'thupi. Dokotala akadziwa amasintha mlingo, ndipo zimene mwanena ndi chinsinsi cha chipatala. Nenaninso za mankhwala azitsamba amene anakutumizirani kuchokera kumudzi ndi amene mumagula m'masitolo, chifukwa ena amasokoneza kuundana kwa magazi. Majakisoni ochepetsa thupi ndi a shuga monga Ozempic, Wegovy ndi Mounjaro amachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba, choncho dokotala ayenera kudziwa ngakhale munawagula nokha pa intaneti.

Ngati muli ndi sickle cell, kapena m'banja mwanu muli matendawa, nenani msanga. Kuzizidwa, kuchepa kwa madzi m'thupi ndi kuchepa kwa mpweya wabwino kumatha kudzutsa matendawa pa nthawi ya opaleshoni, ndipo ena amafunika kuikidwa magazi tsiku lisanafike. Ngati chipembedzo chanu sichilola kuikidwa magazi, nenani pa tsiku lokuunikani kuti akonze njira zina nthawi ilipo. Tchulani mphumu, shuga, BP, kutentha pamtima, kuliza mkonono kwambiri, mano ogwedera kapena oikirira, mowa ndi fodya. Ngati mwina muli ndi pakati, nenani. Ngati wachibale anamwalira kapena anatentha thupi modabwitsa atagonetsedwa, tchulani, chifukwa pali vuto lina loyenda m'magazi lotchedwa malignant hyperthermia limene limapewedwa posankha mankhwala ena.

Lamulo la kusala chakudya limagwira njira zonse ziwiri, popeza wobayidwa pamsana athanso kugonetsedwa. Kawirikawiri ndi maola 6 osadya chilichonse ndi maola 2 osamwa madzi, koma tsatirani zimene chipatala chanu chalemba. Phala ndi tiyi wamkaka zimawerengedwa ngati chakudya. Kunama pa nkhani imeneyi kuti tsiku lisasinthidwe n'kuika mapapo anu pangozi.

Ana athu asakhale otanthauzira

M'mabanja ambiri kunja kuno mwana ndi amene amalankhula bwino Chingelezi, ndipo amatengedwa kupita naye kuchipatala. Ife amene timaphunzitsa ana timaona katundu amene amasenza pambuyo pake. Mwana wa zaka 13 sayenera kukhala amene akuuza mayi ake kuti pali mwayi wochepa wa imfa, ndipo mayi sangatchule ma ARV kapena za pakati mwana ali pomwepo. Mawu amodzi akasokonekera, fomu imasainidwa munthu asanamvetse. Ku Britain chipatala cha NHS chimapereka wotanthauzira kwaulere, pamaso kapena pa foni. Pemphani nthawi ikadalipo ndipo tchulani kuti Chichewa kapena Nyanja, chifukwa mndandanda wina umalemba dzina limodzi lokha. Ku America zipatala zolandira ndalama za boma zimayeneranso kupereka thandizo la chinenero. Kumene wotanthauzira sapezeka, tengani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira.

Inu ana muli ndi ntchito yanu: kuthandiza kulemba mafunso kunyumba, kujambula mapaketi a mankhwala, kukumbutsa ola losiyira kudya. Ndipo makolo musaope kufunsa. Kuchokera pa mlandu wa Montgomery v Lanarkshire Health Board mu 2015, khoti lalikulu la ku Britain linagamula kuti dokotala ayenera kufotokozera wodwala zoopsa zimene wodwalayo angazione zofunika, komanso njira zina zoyenera zimene zilipo. Safunsa anadya phula. Funsani kuti: Kwa ine, ndi matenda anga, njira yabwino ndi iti ndipo chifukwa chiyani? Kodi chipatala chino chimachita opaleshoniyi ndi jakisoni wa pamsana, ndipo kangati? Mudzandipatsa chiyani cha nseru ndi ululu? Ndimwe mankhwala ati m'mawa wa tsikulo? Dokotala akati njira ya pamsana sachita pa ndulu, sikuti akukuderani chifukwa ndinu mlendo. Njira imene gulu la ku fiyeta linazolowera ndi imene limaichita bwino.

Mukatuluka m'chipatala

Pafunika munthu wamkulu wokutengani ndi kukhala nanu usiku woyamba. Kwa maola 24 musayendetse galimoto, musamwe mowa, musasaine zikalata zofunika, ndipo musakhale nokha ndi ana aang'ono. Kwa ife ogwira ntchito zamashifiti ndi okhala kutali ndi abale, zimenezi zimafuna kukonzekera msanga, chifukwa chipatala chimatha kuimitsa opaleshoni ngati palibe wokutengani. Phewa limatha kupweteka tsiku limodzi kapena awiri pa njira zonse ziwiri, mpaka mpweya wotsalira utatha, ndipo kuyendayenda kumathandiza. Ambiri amabwerera ku ntchito zopepuka pakapita pafupifupi masabata awiri. Onyamula okalamba kapena katundu wolemera afunse dokotala tsiku loyambira. Ena amatsegula m'mimba kwa kanthawi, makamaka akadya zamafuta.

Bwererani kuchipatala mwamsanga ngati ululu wa m'mimba ukukulirakulira, thupi latentha, maso achita chikasu, mukusanza osaleka, bala likutulutsa mafinya, mwendo watupa kapena mukubanika. Amene anabayidwa pamsana athamangirenso kuchipatala ngati miyendo yayambanso dzanzi kapena kufooka, msana ukupweteka kwambiri, mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka zokha, kapena mutu sukuwalola kuimirira.

Kwa munthu wathanzi labwino, njira zonse ziwiri n'zotetezeka, ndipo kwa ambiri a ife kunja kuno yankho lidzakhala kugonetsedwa. Chimene chimabweretsa ngozi kawirikawiri ndi kuzengereza. Opaleshoni yokonzedwa bwino, munthu atasala chakudya, mankhwala ake atadziwika ndipo womutenga alipo, ndi yosavuta poyerekeza ndi yochitika usiku, ndulu itatupa ndipo thupi likutentha. Ngati miyala yayamba kale kukupwetekani ndipo tsiku laperekedwa, pitani kukaonana ndi dokotala wogonetsa muli ndi mafunso anu papepala, ndipo mantha anu muwatchule monga mmene alili, kuti akuyankheni limodzi ndi limodzi.